Dzanja la a Stafford pa Mtsetse wa ku Thambani

A Stafford ndi alamu anga, anakwatira achemwali anga a Esime, ndiye ndili ndi ufulu wowanena mmene ndingafunire. Munthuyu wakhala pa chiwongolero zaka makumi atatu ndi zinayi. Msana wake unapindika motsatira mpando wa galimoto, moti ngakhale m'tchalitchi amakhala ngati akudikira kuti wina atsike. Ntchito anayamba kwa malemu Che Karim, amene anali ndi sitolo pa boma ndi pikapu yonyamula anthu ndi katundu kupita ku Thambani. Msewu umenewo mukuudziwa: fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja, zitunda chaka chonse. Galimoto zitatu zinafera m'manja mwa alamu anga, zonse ndi ukalamba, osati ngozi. Anagundapo mbuzi imodzi yokha, ndipo mpaka lero amati mbuziyo inali ndi mavuto ake.

Che Karim atatisiya, zonse zinatsala m'manja mwa akazi awo, mayi Kulsumu. Pikapu yachitatu itagona osadzukanso, mwana wawo Ashiraf, amene ali ku Joni, anatumiza ina. Yoyera, yakale ndithu koma yosamalika. Titasuzumira pansi pa chiwongolero tinapeza zopondera ziwiri zokha. Otomatiki.

"Alamu," ndinatero ine, "mwendo wamanzerewo kagulitseni, ntchito yake yatha."

Sabata yonse yoyamba mwendowo unkangoponda chitsulo chapansi kufunafuna kilatchi. Tsiku lina batire itafooka pa Thambani, anaitana amuna khumi kuti akankhe. Tinaikankha kuchokera pa msika mpaka pa chipatala, lilime panja, koma sinatsokomole n'komwe. Anachita kutiuza mphunzitsi wina wodutsa kuti zamtunduwu sizilira ndi kukankha.

Patatha miyezi isanu ndi itatu galimoto inayamba kudwala. M'mawa akaika pa D, inkayamba yaganiza kaye, ngati munthu amene mwamutuma asanadye, kenako gu! n'kudumpha. Pa chitunda injini inkakuwa koma matayala osamva. Ine ndimakwera nawo kawirikawiri ndi madengu anga a manachesi, ndipo kawiri konse tinatsika tonse n'kuyenda pansi, galimoto ikubwera pambuyo pathu ngati nkhalamba yoperekeza maliro.

Mayi Kulsumu si munthu waukali, ndi munthu wotopa. Koma Ashiraf ankaimba foni tsiku lililonse. Ankati galimoto anaitumiza ili bwinobwino, ndipo pali Melvin, mnzake amene wayendetsa maotomatiki ku Joni, angokhala pakhomo. Mapeto ake mayiwo anawaitana alamu anga.

"A Stafford, ngati ndi ukalamba wa galimoto, tiona chochita. Koma ngati ndi woyendetsa, makiyi abwere pano. Ndatopa ndi foni."

Alamu anga ali ndi zaka sikisite-wanu ndi magalasi amaso omanga ndi ulusi. Ndani pa Mwanza pano angalembe dalaivala wotero? Makiyi amenewo akachoka m'thumba mwawo, ndiye kuti achokeratu.

Tinapita nayo kwa Che Jaffu, makaniko wa kuseri kwa msika wa pa boma. Mkulu ameneyu alibe makina a kompyuta, ali ndi mphuno. Anauza alamu kuti asazimitse injini, itenthe kaye. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi, n'kupukutira pa pepala loyera la m'kope, n'kununkhiza.

"Oyilo ameneyu amayenera kukhala wofiira ngati magazi a nkhuku. Taonani uyu."

Anali ngati tiyi wogonera wopanda mkaka. Fungo lake ngati nyemba zopserera.

Anagona pansi pa galimoto, n'kumasula chibeseni chapansi pa giyabokosi. M'katimo muli kamaginito, ndipo kanali katamera ndevu za tizitsulo. Anayang'ana mapaipi opita kutsogolo kokaziziritsa oyilo, sanapeze podontha. Kenako anayamba mafunso, ali chigonere.

"Munakokapo galimoto ina?"

"Ayi."

"Makala mumakweza matumba angati?"

"Ochepa kuposa amene ndinkakweza pa yakale ija."

"Mumaponya pa R isanaimiretu?"

"Che Jaffu, ndinayamba kuyendetsa inu musanagule sipanala yoyamba."

"Ndangofunsa, achimwene. Galimoto siyankha, ndiye timafunsa inu."

Anasintha oyilo ndi sefa. Masiku angapo inayenda ngati yamva. Patatha masabata atatu tinali pomwepo, pepala lina, tiyi yemwe uja. Che Jaffu anakhala pa tayala lakutha, n'kuvula kachipewa kawo, n'kukanda m'mutu nthawi yaitali.

"Yokalamba imafa pang'onopang'ono. Iyi pali chimene chikuipha tsiku ndi tsiku, ndipo pano pa galaja sichibwera nawo. Mawa ndikwera."

M'mawa mwake tinapanikizana atatu kutsogolo, ine pakati. Che Jaffu anapendeketsa mutu ngati nkhuku yomvera kabawi, kumvetsera giya iliyonse ikamalowa. Alamu anayendetsa ngati anyamula mazira. Tinakwera chitunda chachitali chija movutikira, ndipo titafika pamwamba, msewu n'kuyamba kutsetsereka, dzanja la alamu linachita zimene limachita. Giya pa N, kiyi khethe. Zii. Kunangotsala phokoso la miyala pansi pa matayala ndi amayi akumbuyo akukambirana za mtengo wa feteleza. Ine sindinaonepo chachilendo. Galimoto iliyonse imene ndakwerapo msewu umenewu imatsika chonchi.

"A Stafford, mwatani?"

"Ndasunga dizilo," anayankha alamu, chifuwa patsogolo. "Kuyambira pano mpaka pa mlatho, ngakhale dontho."

"Imani."

Anaponda buleki ndi mphamvu zonse, poti injini ikazima buleki imauma, mpaka tinaima pambali. Che Jaffu sanakalipe. Analankhula ngati munthu wopepesa pa siwa.

"Mu giyabokosi iyi muli pampu yoyendetsa oyilo. Pampuyo imazungulira ndi injini. Mukazimitsa injini, pampu yaima, koma matayala akuthamangabe, ndipo zam'katimo zikukhulana zouma. Mumachita zimenezi kangati?"

Alamu anayang'ana kutsogolo. "Popita kasanu ndi kawiri. Pobwera kasanu."

"Tsiku lililonse?"

"Kupatula Lamulungu." Anakonza magalasi awo. "Anandiphunzitsa ndi Che Karim eni ake. Ankati dalaivala wotsika phiri injini ikulira ndi wakuba. Galimoto zitatu ndayendetsa choncho."

"Zija zinali za kilatchi. Magiya ake amadzisambira okha mu oyilo. Iyi ayi."

"Ndaima pa mzere wa dizilo masiku awiri, ine. Ndimati ndikuwathandiza mayi aja."

Kumbuyo wina anamenya denga. "Adala, tigona pompano?"

Pobwerera Che Jaffu anati, "Ine ndikanena kwa mayi aja kuti yakalamba. Si bodza, yakalambadi. Inu mungosiya kuzimitsako, nkhani yatha."

"Mwamva, alamu?" ndinatero. "Kamodzi kokha m'moyo wanu, tsekani pakamwa. Ndikugulirani chingwa choti mutsekere."

Sanaseke. Titafika pa sitolo tinapeza mayi Kulsumu akupima shuga m'timapepala. Che Jaffu asanamalize n'komwe moni, alamu anali atayamba kale.

"Mayi, galimoto ndapha ndine. Ndimazimitsa pamtsetse."

Mayiwo anamanga kapepala ka shuga, n'kuyamba kena, n'kumanganso. Che Jaffu anafotokoza za pampu ija, akundiyang'ana ine ngati ndine ndalakwa.

"Bambo ake a Ashiraf ankazimitsa ngakhale pa kamtunda ka pachipata apa," anatero mayiwo pomaliza. Anapuma mozama. "Mwanayo ndilankhula naye ndekha. Giyabokosi ina ikapezeka mupitiriza. Koma kiyiyo musadzaikhudzenso galimoto ikuyenda. Giyabokosi yachitatu sindingaipeze."

Inatenga masabata asanu kuti ipezeke, yogwirapo kale ntchito, ku Ndirande. Masabata onsewo alamu ankabwerabe pa sitolo mbandakucha, kupukuta galimoto yopanda matumbo. Che Jaffu ataimanga, ine ndinadula katoni, n'kulembapo ndi khala kuti OSAZIMITSA, n'kupachika pafupi ndi kiyi. Sukulu ndinalekeza sitandade faifi koma liwu limenelo ndinalilemba bwino.

Mtsetse woyamba anatsika injini ikulira, mano ali chilumire. Wachiwiri chimodzimodzi, thukuta lili kamukamu. Wachitatu ndinawamva akung'ung'udza, "Dizilo akungopsa chabe." Ndinaona kuti munthu akuzunzika, ndiye ndinayamba kucheza nawo za mpira kuti mtima ukhale pansi. Tili pakati pokangana za goloboyi wa timu ya kwathu, ndinangozindikira kuti ndikumva mawu anga bwino kwambiri. Zii uja. Tonse tinayang'ana dzanja. Linali litabwerera kale pa chiwongolero, ngati silinapite kulikonse.

Anaima, n'kuliza injini. Pobwera ndinakhala chete ngati mwala, maso pa kiyi. Pa mtsetse womaliza ndinangotembenuka kulavula njere ya nachesi pawindo. Khethe.

Pa boma anatsitsa anthu, n'kusesa kumbuyo, n'kutseka mawindo. Analowa m'sitolo, ine pambuyo, n'kuika makiyi pa kauntala pafupi ndi sikelo.

"Yatani tsopano?" anafunsa mayi Kulsumu.

"Galimoto ili bwino, mayi. Kawiri lero, katoni ili pamaso panga. Mutu wamva, koma dzanjali lakana. Muitaneni Melvin isanapse inanso."

Mayiwo anawayang'ana, n'kuyang'ana makiyi. Ndinkadikira kuti awakankhire kwa alamu. Anatsegula kabati n'kuwaikamo.

"Mudzibwera kudzamwa tiyi, a Stafford."

"Zikomo, mayi."

Kupita kwathu kwa Kanduku tinakwera kabaza, aliyense njinga yake, ine pambuyo. Aka kanali koyamba kuwaona alamu anga atanyamulidwa ndi munthu wina. Manja anasowa powaika, anangowasanjika pa mawondo. Ndinafunafuna chowaseka nacho njira yonse, osachipeza. Titafika potsetsereka, wakabaza wawo anasiya kupalasa, njinga n'kumangotsika yokha. Alamu anatembenuka, n'kundikuwira mphepo ili m'kamwa.

"Mukumuona uyu, alamu? Uyu palibe amene amuchotse ntchito."