Tadala watambasula dzanja kwa aphunzitsi a masamu

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinapita ndi mwana wanga Tadala kwa mayi ena ku Biwi amene amaphunzitsa ana masamu akaweruka kusukulu, poti mayeso a Sitandade 8 ayandikira ndipo iye akangomva za masamu, mutu umamupweteka.

Atalakwitsa samu yoyamba, mayiwo anatenga rula kuti ajambule mzere. Tadala anangotsinzina n'kutambasula dzanja, kudikira kumenyedwa.

Mayiwo anati, "Iwe, bweza dzanjalo, pano sitimenya." Mwana analira. Akuti kusukulu kwawo samu iliyonse yolakwa ndi chikwapu. Atatonthola, yachiwiri anaikhoza yekha.

Ine ndatopa, abale. Mawa ndikufuna ndikaonane ndi mphunzitsi wakeyo, koma mtima wanga wapachaluwu mukuudziwa. Achimwene, mundiperekeza, kapena mudzachita kukanditenga kupolisi?