Chaka Chimene Sindinaone Kabawi

Chizindikiro choyamba chinabwera mu Ogasiti, zaka ziwiri zapitazo. Ndinkachapa pabwalo kwathu ku Chinsapo pamene nkhuku yanga inalira mwamantha, anapiye n'kubalalika. Ndinayang'ana kumwamba koma ndinangoona mbuu ngati utsi. Ana a oyandikana nawo ndiwo anakuwa kuti kabawi watenga mwanapiye. Za mwanapiyeyo sizinandiwawe kwenikweni. Chinandiwawa n'chakuti kabawi anabwera ine osamuona.

Kuti mundimvetse ndiyenera kutchula malemu amuna anga, bambo a Tadala. Anali kalipentala, koma mtima wawo unali pa mbalame. Kuzizira kukamatha ankakhala pakhonde khosi lili m'mwamba, kudikira kabawi woyamba. Akamuona ankandiitana ngati kwafika mlendo: "Mayi a Tadala, tulukani, mnzathu wabwera. Pindani mabulangete." Ine ndinkawanena kuti mwamuna wanji wolandira ndi manja awiri mbala ya nkhuku zake zomwe. Kabawi akafika, sipankapita nthawi anamzeze nawo ankabwera kudzamata chisa chawo chadothi kudenga kwa khonde. Chisacho ankandiletsa kuchigwetsa, ngakhale wokolopa zitosi pasimenti ndinali ine. Atamwalira ndinapitiriza kudikira mbalamezo ndekha, chifukwa ndi nthawi yokhayo pachaka imene ndinkamva ngati pakhonde tilipo awiri.

Maso anapitiriza kuipa pang'onopang'ono, popanda ululu. Ulusi unayamba kukana kulowa pasingano, kenako zilembo za m'buku la nyimbo zinasokonekera. Dzuwa likawala linkandithobwa, moti nkhope za anthu ndinkazizindikira ndi mawu. Mwana wanga Tadala anandikokera kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuno, kumene anati ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo pafunika opaleshoni. Ndinakana kwamtuwagalu. Kumpopi azimayi ankanena kuti madokotala amakolowola diso n'kuikamo la mbuzi, ndipo ine ndi imvi zangazi ndinakhulupirira. Ndinangogula mankhwala odontheza m'maso pamsika, amene sanathandize kanthu.

Ogasiti wotsatira anamzeze anabwera monga mwa nthawi zonse. Ndinawamva akulira pamwamba pa mutu wanga, koma sindinaone ngakhale mmodzi. Ndinakhala pakhonde n'kulira, chifukwa zinali ngati bambo a Tadala amwalira kachiwiri. Tsiku lomwelo ndinauza Tadala kuti andiperekeze, kaya diso likhale la mbuzi, bola liziona.

Kuchipatala chachikulu, kumbali ya maso, tinapeza mabenchi atadzaza, ambiri okalamba ogwiridwa dzanja ndi ana awo. Munthu umasuntha pang'onopang'ono kuchoka benchi ina kupita ina: apa kuwerenga zizindikiro pakhoma, apo kudontheza mankhwala, uko kuunikidwa ndi makina. Anapeza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, choncho anandibweza kuti ndiyambe ndamwa mankhwala. Miyezi inapita ndikungobwerera kukayezedwa. Mantha anga sanalinso mpeni ayi, koma kuti Ogasiti wina andipezanso mumdima.

Diso lamanja analichita mu Meyi chaka chino. Ndili pabedi ndinamufunsa namwino za mbuzi ija. Anaseka pang'ono nati, "Amayi, diso ndi lanu lomwelo. Timangochotsa chimene chachita mbuu n'kuikamo kagalasi." Anandibaya jakisoni wa dzanzi pambali pa diso, ndipo sanandigoneke tulo, komabe sindinamve ululu. M'mawa mwake atamatula thonje, chinthu choyamba kuona chinali nkhope ya Tadala, ndipo ndinadabwa kuti mwana wanga wayamba imvi. Anandilangiza kupewa utsi ndi fumbi, kusawerama kwambiri, ndi kudontheza mankhwala pa nthawi yake. Diso lamanzere analichita mu Julayi.

Mphepo ya Ogasiti itayamba ndinatulutsa mpando wa bambo a Tadala pakhonde. Masiku angapo kumwamba kunali akhwangwala okhaokha. Kenako tsiku lina masana ndinamuona kabawi akuzungulira pamwamba pa malata a anzathu, mchira wake wamphanda ukupendeka uku ndi uku, mlomo wachikasu ukuoneka bwinobwino. Anatsika n'kunyamula mwanapiye wanga ine ndikuona. Sindinakuwe, sindinatole mwala. Ndinangonena chapansipansi kuti, "Bambo a Tadala, mnzanu wabwera."

Panopa ndikuona bwino. Ndimasoka, ndimawerenga ndi magalasi, ndimamwa mankhwala a magazi tsiku lililonse, ndipo anamzeze akumatanso chisa chawo. Kwa inu amene maso ayamba kuchita chifunga, musadikire kuti apweteke, pakuti ng'ala siipweteka, ndipo zakumpopi zisiyeni kumpopi komweko. Pitani kuchipatala msanga. Nkhuku yanga idzaswa anapiye ena, koma zaka ziwiri zija zimene mbalame za amuna anga zinabwera ine osaziona sizidzabwereranso.