Impso ya Akulu Anga

Ukwati wanga utatha, ndinapita kukakhala kwa akulu anga pafupi ndi Chalimbana. Anali ndi ana atatu ndi dimba la repu ndi tomato, ndipo ankagulitsa kwa ophunzira a pakoleji. Kwa zaka zinayi ankamva kupweteka m'nthiti mwa kumanzere, thupi kutentha, mkodzo kutuluka ndi mafinya. Kukiliniki ya ku Chongwe ankawapatsa makapisozi. Ankapezako bwino mwezi umodzi, kenako matenda n'kubwereranso.

Chaka china cha chilala anakomoka akuthirira mbewu. Ine ndi alamu, amuna awo, tinawakweza minibasi mpaka kuchipatala chachikulu ku Lusaka. Atawajambula, dokotala anati impso yakumanzere yaola ndipo iyenera kuchotsedwa.

"Manje nizankhala bwanji na imodzi?" anafunsa akulu anga.

"Ambiri amakhala nayo imodzi, amayi," anayankha dokotala. "Koma yanu yotsalayo nayonso ndi yofooka. Sindikubisirani."

Alamu anakana kusaina pepala lovomereza opaleshoni. Anati munthu si mbuzi yoti azimuchotsa zam'mimba. Akulu anga anapempha cholembera nasaina okha.

Anatuluka ndi chilonda choyambira pamimba mpaka kumsana. Kutentha thupi kunatha, anayamba kudya, mpaka anabwerera kukwaya ya kutchalitchi. Koma keni ya madzi sankatha kuinyamula, ndiye dimba linatsalira ine. Alamu anapita ku Lusaka kukafuna ntchito. Anabwera kawiri, kenako tinangomva kuti ali ndi mkazi wina kukomboni.

Patatha chaka ndi theka, mapazi a akulu anga anayamba kutupa, kenako nkhope. Nsapato zinaleka kulowa. Tinabwerera kuchipatala kuja. Dokotala wina anawerenga khadi lawo nthawi yaitali, nati makina otsuka magazi ndi ochepa ndipo odikira ndi ambiri. Anatiuza kuti tichepetse mchere, tibwerere kunyumba.

M'minibasi, titadutsa dera la Silverest, akulu anga anatembenukira kwa ine.

"Mwana wamng'ono uja amaopa kusamba madzi ozizira," anatero. "Uzimutenthetsera."

"Muzamutenthetsera mweka, ba sisi."

"Usaniname, iwe. Namvera zonse."

Anamwalira chimanga chisanakhwime. Maliro atatha, abale a alamu anatenga dimba, akuti malowo ndi a kwawo. Ana anandisiyira. Wamkulu analeka sukulu chaka chomwecho, ndipo tinayamba kuyendera limodzi maganyu m'minda ya anthu.