Chofunda Chimene Ndinachedwa Nacho

Ine ndimasoka zofunda za zigamba. Si ntchito yoti munthu n'kudzitama nayo. Ndimapempha tizidutswa ta nsalu kwa matelala a pamsika, ndimatichapa, ndimatidula, kenako singano ndi ulusi mpaka zala kuuma. Koma kuphatikiza mitundu ndiye ndimakudziwa, ndipo pamenepo sindifuna munthu wondiuza zochita. Liuma limeneli ndi limene linandipweteketsa.

Ine ndinatsatira amuna anga ku Chiwalo. Achemwali anga opondana nawo anatsala kwathu, m'munsi mwa phiri la Michesi. Matenda a shuga anali atayamba kuwadya maso, ndipo tonse tinkadziwa. Chaka chomwecho alamu anamwalira, achemwali n'kuvala zakuda, duku ndi chitenje chomwe, zoti adzavule pakatha chaka.

Nditapita kukawaona, ndinawapeza pakhonde akusenda nandolo.

"Iwe," anatero, "undisokere chofunda. Koma uike zofiira ndi zachikasu, zowala zenizeni. Zimenezo ndiye ndikuzionabe. Zinazi zonse zasanduka utsi."

Ndinayankha msanga, monga mwa khalidwe langa. "Achemwali, mwezi sunathe chiikireni alamu m'manda. Mukadzayanika chofunda chotero pachingwe, akuchimuna adzati chiyani? Adzati mukusangalala."

"Anene. Maso ndi anga."

"Ayi, musatichititse manyazi. Ndidzasoka mukadzavula zakuda."

Anangopitiriza kusenda, makoko ena akugwera mu nandolo momwemo.

Ndinawasokera chofunda china cha nsalu zoderapo, zotuwa ndi za buluu wakuda, choti palibe angatole nacho nkhani. Anathokoza n'kuchiika pampando.

Chowalacho sindinachiiwale ayi. Ndinachiyamba, koma mwa ine ndekha ndinkati nthawi ilipo, ndichite chinthu choti anthu adzachikambe. Ndinasanduka wosankha ngati wogula nkhuku. Telala wina anandipatsa zofiira, ndinazikana kuti n'zofwifwa. Chikasu chimene ndinkafuna ndi cha mayunifolomu a ana asukulu, ndipo ndinadikira miyezi iwiri kuti matelala ayambe kuwasoka. Ndinkayala zigamba pamphasa, kuziyang'ana ndili chapatali, kuzisuntha, mawa kuzisunthanso. Chofiira chikagundana ndi pinki chimafa, ndiye ndinkalowetsa kobiriwira pakati. Mzere wina ndinauphwasula katatu chifukwa cha kachigamba kamodzi.

Nthawi ya dzinja mwana wawo wamkazi, amene ankawasamala, anandiimbira foni. Anati mayi ake ayamba kupunthwa pa ndowa, ndipo akufunsa za chofunda chija. Ine ndinali nditatsala ndi mzere umodzi, ndipo kunali kutatsala miyezi itatu kuti avule zakuda. Ndinakalipa. "Uwauze adekhe. Kodi chofunda chimathawa?"

Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero, ndipo amandiwawa. Chiwalo ndi kwathu si kutali koti munthu n'kulephera. Ndikanangonyamula chosamalizacho, ndikanachiyala pamiyendo pawo masana dzuwa likuswa mtengo, akanachiona. Akuchimuna amene ndinkawaopawo chaka chonse sanapondeko n'komwe pakhomopo.

Tsiku lovula zakuda ndinakwera kabaza, chofunda nditachikulunga m'chitenje. Mapemphero atatha, amayi a kumpingo anawaveka achemwali zovala zatsopano. Apo ndinamasula mtolo wanga pabwalo, amayi awiri n'kugwira m'makona. Chinawala, ndisaname. Ntchito yoposa imeneyo sindinaigwirepo. Ena analuluta, wina anafunsa ngati ndingamusokere chake.

Achemwali anali chikhalire pampando, nkhope atalozetsa kumene kunkachokera phokoso.

"Kwachitika chiyani?" anafunsa.

Mwana wawo anandinong'oneza kuti patha milungu isanu asakuona kanthu, ngakhale moto. Achemwali anamuletsa kundiuza, akuti ndingasoke mothamanga n'kuwononga ntchito.

Ndinapinda chofundacho n'kukachiika m'manja mwawo. Anayendetsa zala m'misoko pang'onopang'ono, chigamba ndi chigamba.

"Msoko wako ndi wolimba," anatero. "Umenewu sumasuka."

Sanandidzudzule. Bola akananditukwana pamaso pa anthu onsewo, mwina mtima ukanapepuka.

Alendo atabalalika, achemwali anati akufuna kukayala okha. Analowa m'nyumba akupapasa khoma, ine pambuyo. Kunsi kwa zigamba ndinali nditasokererako bulangeti lakale lotuwa kuti chofunda chizitentha. Anachitambasula pabedi mitundu yonse itayang'ana pansi, bulangeti lili pamwamba. Anachisalaza ndi manja mosamala, kukoka ngodya iyi, kukoka iyo, kenako anatembenukira kumene ankaganiza kuti ndaima.

"Chakhala bwino eti?"

"Chakhala bwino, achemwali," ndinatero.