Matope a Luweya

Chaka chomaliza cha maphunziro anga a ku yunivesite ndinachithera kwathu, kufupi ndi Chintheche, ndikutunga madzi a mtsinje wa Luweya. Bambo anga, amene anachoka ku Dedza kalekale kudzagwira ntchito yocheka mitengo ya labala, sanamvetse.

"Madzi omwewa timachapirawa? Muli chiyani?"

Ndinawafotokozera mmene ndikanathera. Zomera zonse zili ndi kaboni, ndipo kaboniyo alipo wopepuka ndi wolemerako. Udzu ndi chimanga zimasunga wolemerayo wochulukirapo kuposa mitengo ndi chinangwa. Zomera zikawola n'kukokoloka, mtsinje umazinyamula. Ukayeza matopewo umadziwa kumene achokera. Ine ndinkafuna kuona ngati zimasintha ndi nyengo.

Aphunzitsi anga anali atandichenjeza. "Kwanuko ndi nkhalango ndi chinangwa basi. Chilimwe, dzinja, upeza chimodzimodzi. Utaya chaka."

Ndinakakamirabe.

Mwezi uliwonse ndinkapita pakati pa mtsinje m'bwato la msodzi wina wachikulire, Mtonga wa ku Sanga, amene ndinkangomutchula kuti Ada, kutanthauza bambo m'Chitonga. Ndinkadzaza mabotolo, kunyumba n'kusefa madziwo pa timapepala toyera tozungulira. Tikauma ndinkatikulunga, n'kulemba mwezi wake.

Mu Okutobala madzi anali oyera, kapepala kankangodetsedwa pang'ono. Ada anakanunkhiza.

"Ama, awa ndi masamba a mitengo ya m'mbali muno. Dikirani mvula. Mtsinje udzabwera ndi minda ya anthu akumtunda, ndi phulusa la udzu umene atentha."

"Mukudziwa bwanji, Ada?"

"Nsomba zimasintha kukoma," anatero, n'kupitiriza kupalasa.

Mu Febuluwale Luweya anadzaza mpaka m'minda. Madzi anali ofiira, akukoka nthambi ndi mapesi. Ada anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati tibwerere. Ndinawachonderera, pakuti mwezi umenewu ndi umene ndinkaufuna kuposa yonse. Anavomera monyinyirika. Titafika pakati, chipika chinagunda bwato, linazungulira, ine ndinagwera m'madzi. Sindidziwa kusambira bwino. Ndinamwa matope, ndinamira, ndinatulukanso. Ada anandigwira kolala n'kundikokera m'mbali mwa bwato, ndipo tinakatsakamira pa bango kumunsi ndithu.

Ndikutsokomola, ndinaona kuti botolo ndikadali nalo m'manja, chala changa chili pakamwa pake, lodzaza.

Ada anaseka mpaka misozi. "Munthu akumira amagwira bango, inu mukugwira botolo!"

Bambo atamva anakalipa tsiku lonse. Koma mawa lake anandikhomera kathandala kotchinga ndi neti koumitsirapo timapepala, kuti ntchentche zisamaterepo.

Chaka chitatha ndinali ndi timapepala khumi ndi tiwiri. Aphunzitsi anatitumiza kunja kwa dziko, kumene kuli makina oyezera. Ndinadikira miyezi itatu, mtima uli m'mwamba.

Foni inalira ndili padambo ndi amayi, tikuvuula chinangwa chimene tinaviika. Ndinapukuta manja pachitenje.

"Tsegula uthenga ndakutumizirawo," anatero aphunzitsi.

Mu uthengamo munali chithunzi, ndipo pa chithunzicho panali mzere. M'miyezi yachilimwe unkayenda pansi, kusonyeza kaboni wa mitengo. Mvula itayamba unakwera, ndipo pa Febuluwale unafika pamwamba penipeni, pa udzu ndi chimanga. Kenaka unatsika pang'onopang'ono.

"Ndinalakwitsa ine," anatero aphunzitsi. "Iwe unaona bwino. Lemba msanga."

Ndinakuwa mpaka amayi ena padambopo anaponya madengu, kuganiza kuti ndaona njoka. Amayi anga sanafunse n'komwe kuti mzerewo ukutanthauza chiyani. Anangoyamba kululutira, anzawo n'kulandira.

Ndinathamangira kudoko. Ada anali akusoka ukonde. Anayang'ana foniyo ataitalikitsa kumaso, n'kuloza pamwamba pa mzere ndi singano yawo.

"Apa mpamene munagwa paja?"

"Pomwepo, Ada."

"Yewo. Ndiye simunanyowe pachabe."

Pa tsiku lofotokoza kafukufuku wanga pamaso pa aphunzitsi onse, funso lililonse ndinaliyankha. Ndisanatuluke m'chipindamo anandipempha kuti ndikayezenso mitsinje ya kumpoto. Patatha milungu iwiri ndinakwera boti la ku Usisya ndi makatoni atatu a mabotolo, nditavala jekete yoyandamitsa imene amayi anaumirira kuti ndisavule mpaka ndikafike.