Pikapu ya Alamu ndi Kalavani Yopita ku Speedway

Tinapangana kunyamuka ku South Bend 8 koloko m'mawa, koma injini inalira nthawi itatsala pang'ono kukwana 10 koloko. Linali Loweruka, mwezi wa Juni, chaka cha 2008. Ku Speedway, tawuni yozunguliridwa ndi mzinda wa Indianapolis, kunali chinkhoswe cha mchemwali wanga wamng'ono, Takondwa, ndipo chinayenera kuyamba 3 koloko masana. Amalume athu, amene mwambo ukanawaika patsogolo, sanathe kuchoka ku Dedza chifukwa cha miyendo. Analamula pa foni kuti ine ndikaime m'malo mwawo. Nkhoswe ya kuchikazi ikapanda kufika, akuchimuna amasowa wolankhula naye. Amangokhala pansi mwaulemu, koma saiwala.

Galimoto inali ya alamu anga, a Mbewe, amuna a achemwali anga aakulu: pikapu ya hafu tani, ya zitseko zinayi. Kumbuyo kwake tinakoleka kalavani, nyumba yoyenda pa matayala, imene alamu anagula mwezi wa Meyi kwa mkulu wina wopuma pantchito. Maganizo awo anali akuti tikaiimike pabwalo la nyumba ya Takondwa, kuti akuluakulu ochokera ku Chicago ndi ku Ohio akagone pa bedi osati pansi. Anali atawauza kale onse, aliyense payekha.

Popeza ndimaphunzitsa masamu, ntchito yoona ngati pikapu ingakoke kalavaniyo inagwera ine. Ndinaigwira m'mphindi zisanu. Buku la galimoto limati ingakoke mapaundi 7,700. Pepala la kalavani limati imalemera mapaundi 5,400 ikakhala yopanda kanthu. Ndinachotsera, ndinapeza danga lalikulu, ndipo ndinauza alamu kuti asade nkhawa. Ndikunena izi poyamba kuti wowerenga asaganize kuti cholakwa chinali cha ena okha.

Chimene chinatichedwetsa ndi chizolowezi chimene palibe anachilemba koma tonse timachidziwa. Mmalawi akamva kuti galimoto ikupita kumene kuli chikondwerero, amabwera ndi kanthu koti katsogole. Kuyambira 7 koloko, galimoto zinkaima pamalo oimikirapo, manesi ochokera kuntchito atavala yunifolomu, ophunzira, mabanja. Anasiya matumba anayi a ufa, awiri a mpunga, mabokosi a nkhuku zokwiriridwa mu ayezi, mapoto akuluakulu, makreti a zakumwa ndi zidebe zitatu za thobwa. Chilichonse chinali ndi dzina la mwini wake, lolembedwa pa kapepala komatidwa. Zina tinaika kumbuyo kwa pikapu, zina m'chipinda cha kutsogolo kwa kalavani, pafupi ndi chitseko. Alamu anali atadzazanso thanki ya madzi ya m'kalavani, kuti alendo asakavutike posamba.

"Alamu, sitinadzadzitse kodi?" ndinafunsa, ndikuyang'ana matayala akumbuyo.

"Kudzadzitsa? Inu munakulira kuti, aphunzitsi? Hafu tani ya kwathu imanyamula anthu makumi awiri, feteleza ndi njinga pamwamba, n'kukwera chitunda cha Linthipe. Ino injini yake ikufanana ndi zitatu za kwathu. Malo alipo, kwerani."

Wachitatu paulendowu anali Mayi Nachisale, mayi wachikulire wa kumpingo kwathu, amene ankakatsogolera ophika. Anakhala pampando wakumbuyo, beseni la mandasi lili pamwendo, litavundikiridwa ndi chitenje.

Msewu wa 31 umatsika kumwera molunjika, mtunda wa mamailosi pafupifupi 140. Ku Lakeville tinathira petulo wa madola makumi asanu ndi anayi. Chaka chimenecho galoni imodzi inkayandikira madola anayi, ndipo alamu anayang'ana pampu ngati munthu amene wamva mwano. Kuchoka pamenepo dziko ndi lathyathyathya: chimanga chachifupi mbali zonse, nkhokwe zachitsulo, nyumba imodzi apa ina uko. Ndinaona kuti boneti yaloza m'mwamba pang'ono kuposa masiku onse. Ndinaonanso kuti alamu akupinda chiwongolero uku ndi uku pamsewu wopanda makona. Ndinabwezera maso ku minda ya chimanga. Ndinali nditawerenga kale, ndipo munthu amene wawerenga safuna kuwerenganso.

Tinadutsa Plymouth hafu pasiti 10. Titayandikira Argos, thiraki yaikulu inatipitirira kumanzere. Mphepo yake inakankha kalavani, kalavani inakankha matako a pikapu, ndipo matayala akutsogolo, amene anali opepuka kale, sanagwire msewu. Tinalowera kumanja, tinabwerera kumanzere, tinalowanso kumanja, ulendo uliwonse motakata kuposa woyamba. Ndikuganiza kuti zonsezi zinatenga masekondi asanu ndi limodzi. Mayi Nachisale anangoti, "Ambuye, ana anu!" Alamu anachotsa phazi pamoto osaponda buleki, ndipo ndimawayamikira mpaka lero chifukwa cha chimenechi. Kalavani inawongoka yokha. Mandasi anali mbwee pansi pa mipando.

Tinayenda pang'onopang'ono mpaka ku Rochester, kumene tinapatukira pamalo opumirapo madalaivala a mathiraki. Nthawi inali kota pasiti 11. Alamu anatuluka, anazungulira galimoto kawiri, anamenya tayala ndi nsapato. Mzungu wina wachikulire, dalaivala wa thiraki, ankatiyang'ana akumwa khofi.

"Mukupita kutali?" anafunsa.

"Ku Indianapolis."

"Ndi chimenechi?"

Ndinamuuza nambala ya m'buku, ndi mawu a munthu amene akudziwa. Sanatsutse. Anapempha kuti nditsegule chitseko cha dalaivala, ndipo analoza kapepala kachikasu komatidwa pachimango. Kankanena kuti anthu ndi katundu pamodzi asapitirire mapaundi 1,400.

"Nambala yanu ija ndi ya zimene ingakoke," anatero. "Iyi ndi ya zimene inganyamule pamsana. Mphuno ya kalavani, kutsogolo kumene mwakoleka, yakhala pamsana pomwepo. Musakhulupirire ine, sikelo ili uko."

Kuyeza koyamba kunali madola asanu ndi anayi, kwachiwiri dola imodzi. Tisanayeze tinatsegula thanki ya madzi, ndipo madzi onse amene alamu anathira ndi chikondi anayenderera pa simenti. Tinayeza kalavani ili yokoleka, kenaka tinaimasula n'kuyeza pikapu yokha. Kusiyana kwa mapepala awiriwo kunandiuza kuti mphuno ikukanikiza pikapu ndi mapaundi opitirira 1,000. Ndinayerekeza kuti titatulutsa katundu yense m'kalavani, zikanatsika kufika pafupifupi 900, chifukwa pepala la wogulitsa silinawerengere mabotolo a gasi, batire ndi makabati amene mwini wake wakale anawonjezera kutsogolo. Ife atatu tinkalemera mapaundi 540. Ndinaphatikiza pabondo, pa envelopu. Tisanaike ngakhale thumba limodzi la ufa, tinali titadutsa kale malire. Kalavaniyo sinali ya pikapu imeneyi kuyambira tsiku limene inagulidwa.

"Tisunthire zonse kumbuyo kwa kalavani, mphuno ipepuke," anatero alamu.

Dalaivala uja, amene sanamve Chichewa koma anaona kumene dzanja likuloza, anapukusa mutu. Anati kulemetsa kumbuyo ndiko kumaigwedeza koposa.

"Ndiye tiyende pang'onopang'ono. Fote basi. Tikafika."

"Tikafika 3 koloko itadutsa," ndinayankha, "ngati mathiraki onse a mu Indiana angagwirizane kusatipitirira. Komanso ku Kokomo kuli maloboti. Mabuleki agwira kangati?"

"Chabwino, tidirope ufa ndi thobwa. Ufa tikagula konko."

Mayi Nachisale, amene ankatola mandasi n'kumawapukuta limodzilimodzi, anadzutsa mutu.

"Thobwa lake liti? La amayi a Dalitso? Munthu wabwera kuchokera ku shifiti, osagona, n'kukhala pambaula chifukwa cha mwana wathuyu. Mukalisiya pano, mawa kutchalitchi mukakhala mpando uti, bambo Mbewe? Chilichonse apa chili ndi dzina. Eni ake akubwera madzulo, ndipo aliyense akayang'ana chake patebulo."

"Ndiye tisiye aphunzitsiwa," anatero alamu. "Ndi amene anakalikuleta. Akhale pano ndi envelopu yawo."

Mayi Nachisale anawatembenukira. "Nanga akuchimuna akalankhula ndi inu? Mkamwini kukwatitsa mwana wa eni?"

Nthawi inali itadutsa 12 koloko. Dzuwa linkawotcha simenti, ndipo ayezi wa m'mabokosi anali atayamba kudontha. Mayi Nachisale anavundikira beseni lawo, anayang'ana katundu yense, kenaka anafunsa mofatsa:

"Pa zonsezi, chimene sanatitume munthu n'chiti?"

Tonse tinayang'ana kalavani: yankho linali litaima patsogolo pathu, loyera, lotsukidwa dzulo lake ndi manja a alamu.

"Akuluakulu aja ndinawalonjeza bedi," anatero alamu, mawu atatsika. "Akagona pati?"

"Pamene takhala tikugona zaka zonsezi. Pa kapeti, amayi uku, abambo uko. Palibe anafapo nazo," anayankha Mayi Nachisale.

Mayi wogulitsa pakauntala anavomera kuti kalavani igone kuseri kwa malowo, pa madola khumi. Tinaikolekanso n'kuikokera kumeneko. Kutulutsa katundu ndi kumuika m'pikapu kunatitengera mphindi makumi asanu. Zidebe za thobwa tinazimanga pafupi ndi kabini, ufa pansi, mapoto pamwamba. Ndinazungulitsa jeki ya mphuno mpaka mkono unachita dzanzi, ndipo pamene kalavani inachoka pachitsulo chokolekera, pikapu inadzuka kumbuyo ngati munthu amene watula mtolo. Tinalipira dola ina kuti tiyeze kachitatu. Anthu ndi katundu tinali mapaundi 1,360. Ndinawerenga pepalalo kawiri. Tinagula masoseji a m'buledi ndi khofi wowawa, tinadya titaimirira, ndipo tinanyamuka mphindi khumi itadutsa 1 koloko.

Kuyambira Rochester mpaka kudutsa njira ya ku tawuni ya Peru, pikapu inayenda mowongoka. Alamu ankayang'anabe pagalasi lam'mbali mphindi iliyonse, ngakhale kumbuyo kunalibe choti ayang'ane. Mayi Nachisale anagona, mutu utatsamira zenera. Ku Kokomo msewu umalowa pakati pa masitolo, ndipo loboti iliyonse inatipeza itafiira. Ndinawerenga mpaka khumi ndi imodzi, kenaka ndinaleka. Pa loboti ina ndinalankhula.

"Alamu, nambala ija ndinalakwitsa ndine. Ndinakuuzani kuti musade nkhawa."

"Ndikudziwa," anayankha, maso ali pamsewu. "Ndimangodikira kuti munene nokha. Mwachedwa ndi mamailosi makumi anayi."

Takondwa anaimba foni tili kumwera kwa Kokomo. Sanafunse chimene chachitika. Anangofunsa kuti tili pati, ndipo atamva anadula foni. Ku Westfield ndi ku Carmel magalimoto anachuluka. 3 koloko inakwana tisanalowe mumsewu wozungulira mzinda, ndipo nthawi yomweyo achemwali anga aakulu anaimba.

"Akuchimuna afika. Akhala pansi onse. Tawapatsa madzi kawiri. Ndiwauze chiyani?"

"Auzeni zoona. Tinalemetsa galimoto."

Tinafika ku Speedway mphindi makumi atatu ndi zisanu nthawi itadutsa. Azimayi anathamangira kumbuyo kwa pikapu, aliyense akutchula mayina a pa mapepala. Pa kapinga panali malo aatali amene anasiyidwa dala opanda mipando kuti paime kalavani, ndipo alamu anaimika pikapu pomwepo kuti malowo asaoneke opanda kanthu. Takondwa anali pakhomo, atavala kale, maso atafiira. Anandipatsa sopo ndi thaulo. Girisi wa jeki sanachoke m'zikhadabo.

Pamene ndinkasamba m'manja ndinaganiza za nambala ziwiri zija. Yaikulu inali m'buku, yosindikizidwa kuti ikondweretse wogula. Yaing'ono inali pachitseko chimene tinkatsegula tsiku lililonse. Alamu anayeza galimoto ndi maso a kwathu, kumene malire ndi malo otsala. Ine ndinaiyeza ndi nambala imene inandikomera, ndipo ndinasiya kufufuza nditangopeza yankho limene ndinkafuna. Pa zolakwa ziwirizi, changa n'chimene chinalibe chowiringula.

Ndinalowa pabalaza, ndinagwada pamaso pa nkhoswe ya kuchimuna, bambo wa imvi amene anayendetsa galimoto kuchokera ku Ohio m'mawa womwewo, ndipo ndinapepesa m'dzina la amalume. Anandiyang'ana nthawi yaitali: malaya a thukuta, ufa pa thalauza, manja akuda.

"Munanyamuka angati?" anafunsa.

"Atatu, bambo."

"Mwafika angati?"

"Atatu."

"Ndiye dzukani, khalani pampando wanu. Tabwera ndi nkhani ya mwana wathu."