Dzina la Lendi

Anthu ankangowaitana kuti a Penti, iwo n'kumavomera. Zaka makumi atatu analemba zikwangwani za mashopu, mabala ndi maokala, mpaka kunabwera makina osindikiza zilembo papulasitiki, ntchito n'kuwathera ngati makatani. Manja nawonso anali atayamba kunjenjemera.

Za maina a pa intaneti anazimva kwa mkamwini wawo, munthu wosasowa chonena.

"Bambo, maina omaliza ndi .com anzathu anasesa kalekale. Koma kwabwera ena, .shop, .online, otchipa ngati tomato wophwanyika. Mugule lero, mawa eni mabizinesi adzachita kukugwadirani."

A Penti anaona kuti maina ndiye ntchito yawo. Anagulitsa njinga ndi makwerero awo, n'kugula maina makumi anayi oti adzagulitse. Anawonjezapo limodzi losagulitsa, la shopu yosokeramo zovala ya malemu akazi awo. Pamenepo mkamwini anaikapo chithunzi cha mayiwo ali pamakina, tepi ili m'khosi. A Penti ankati bola dzinalo lapeza khoma losagwa.

Wogula sanabwere, ngakhale wongofunsa mtengo. Banja la mwana wawo linatha, mkamwini uja n'kuzimirira pamodzi ndi pakamwa pake. Makalata ochenjeza ankagwera mu imelo imene iye anawatsegulira, yomwe a Penti sanaionepo chitsegulireni. Ndipo akanaiona kufuna chiyani? Pantchito yawo, dzina ukalilemba lalembedwa basi.

Tsiku lina m'mawa anawasowa akazi awo kwambiri. Anavala jekete, n'kupita kukashopu ka makompyuta kuseri kwa msika. Mayi wa pakauntala anawalembera dzina la shopu ya akazi awo lija pakompyuta. Panatuluka mipira yothwanima ndi mawu oitanira anthu kubetcha.

"Mwalakwitsa, mayi. Lembaninso."

"Ndalemba bwinobwino, bambo. Munalipira chaka chino?"

"Kulipira chiyaninso? Ndinagula ine."

"Maina amenewa sagula, amachita lendi. Mukapanda kulipira, amatenga wina."

"Nanga chithunzi chija?"

"Pepani, chinapita."

Za maina makumi anayi aja sanafunse n'komwe. Mtima unawawawa, ndipo manyazi anawagwira poganiza kuti dzina la shopu ya akazi awo, munthu wopemphera, tsopano likuitanira juga. Anathokoza mayiwo n'kutuluka.

Pobwerera analambalala njira ya kwawo kuti adutse pashopu yakale ija. Tsopano pankagulitsidwa matayala, koma zilembo zobiriwira zimene iwo analemba ali ndi manja abwino zinkaonekabe pamwamba pa chitseko. Anangofuna kuziwerenga kamodzi, mtima ukhale pansi.

Anapeza mwini matayala ali pamwamba, akupaka khoma penti yoyera, atatsala ndi zilembo zitatu. A Penti anayang'ana makwerero amene munthuyo anaimapo, n'kuwazindikira ndi madontho obiriwira pasitepe yachiwiri.

"Achikulire," anatero mwini matayala osacheuka, "tandigwirirani pansipo, akugwedera."

A Penti anagwira.